Ndinafinya Ukwati wa Edward pa Chimbale Chimodzi

1

Dzina langa ndine Pilira, kwathu ndi kwa Mlolo ku Nsanje, ndipo ndinenetu poyambirira kuti sindikulemba izi kuti mundimvere chisoni. Pali mwamuna amene anandivula pagulu, ine ndinamuvulanso pagulu. Zimene zinatsatira ndi zomwe ndikufuna mumve.

Mwamunayo ndi Edward Semba wa ku Makhanga. Nthawi imeneyo anali kalaliki wa anthu ogula thonje, wa malaya oyera ndi pakamwa pa uchi. Tinadziwirana pasikelo, ine nditapita kukagulitsa thonje la Baba, ndipo chibwenzi chinakula mpaka ndinaima. Nditamuuza anandigwira dzanja, nati akauza akwawo. Akwawo anabweradi, koma anabwera kudzakana.

Anakhala pakhonde pathu, anthu a m'mudzi atadzaza pabwalo ngati pali gule. Edward sanandiyang'ane n'komwe.

"Ine mtsikanayu ndimamudziwa ngati mmene ndimadziwira aliyense wobwera kudzagulitsa thonje," anatero.

Mayi ake, a Esinala, anathirira ndemanga akukonza duku. "Mwana wanga nkhabe, sangachite zimenezo. Mufunseni bwino mwana wanuyo. Pasikelo pamadutsa amuna ambiri."

Anthu anaseka. Baba anangowerama, akujambula pansi ndi kamtengo. Ine sindinalire, ndinangoluma mano.

Ndinabereka mwana wamkazi, ndinamutcha Leah. M'mudzi anamupatsa dzina lina, mwana wa pasikelo, ndipo atayamba kusewera ndi anzake dzinalo linafika m'makutu mwake. Tsiku lina anandifunsa ngati Sikelo ndi dzina la bambo ake. Ndinamunyamula n'kulowa naye m'nyumba, ndipo m'menemo ndinalumbira kuti zivute zitani, a Semba adzanena ndi pakamwa pawo kuti Leah ndi magazi awo. Sindinkafuna sopo wawo kapena chimanga chawo. Ndinkafuna mwana wanga akhale ndi dzina.

2

Leah atakwanitsa zaka zinayi ndinamusiya kwa makolo anga, n'kupita ku boma la Nsanje kukafuna ntchito. Ndinaipeza kwa a Leonard, amene anali ndi kashopu kobenera nyimbo ndi mafilimu pazimbale pafupi ndi depoti ya maminibasi. Iwo ankajambulanso maukwati ndi zinkhoswe. Chinali chaka cha 2010, nthawi imene nyumba iliyonse yodzilemekeza inkafuna kukhala ndi DVD pamwamba pa kabati.

A Leonard anali munthu wabwino koma wosakhazikika. Kamera ankaikonda, kompyuta ankadana nayo, choncho ntchito yokhala pansi anandiphunzitsa ine. Ntchito yake inali yotere. Munthu akajambula ukwati tsiku lonse, kanema amatuluka wamkulu zedi, pamene chimbale chili ndi mimba yaing'ono. Chimanyamula bwinobwino maola awiri okha. Ukafuna chinyamule zambiri, uyenera kudula zosafunika, kenako zotsalazo n'kuzifinya ndi pulogalamu ya pakompyuta mpaka zikwane. Ukafinya pang'ono, kompyuta imakana kuti malo achepa. Ukafinya kwambiri, nkhope za anthu zimasungunuka, mkwatibwi amaoneka ngati wajambulidwa m'madzi.

Ndinaphunziranso zinthu ziwiri zimene a Leonard sanandiuze. Choyamba, chimene chimadya malo ndi kuyendayenda. Anthu akamavina kanema amafufuma, koma kamera ikangoloza khoma osagwedezeka, ngakhale kwa nthawi yaitali, sizidya malo n'komwe. Chachiwiri, ungafinye bwanji, mawu sawonongeka. Nkhope zimatha, mawu amatsala ali gwa.

Inali ntchito ya thukuta. Kutentha kwa ku Nsanje mukukudziwa, kompyuta inkazima yokha ikapsa, mwakuti fani tinkalozetsa iyo, ife n'kumapsa. Magetsi akazima uli pakati pofinya, unkayambiranso. Koma ndinaikonda, ndipo kumapeto kwa mwezi ndinkawoloka kupita kwa Mlolo ndi kathumba ka shuga ndi kadiresi ka Leah.

3

Lolemba lina a Leonard analowa akuimba mluzu, kamera ili paphewa.

"Pilira, ndabwera ndi ntchito yaikulu. Ukwati wa mwana wa a Maliko."

A Maliko ndani sankawadziwa? Magolosale atatu pa boma, lole, komanso mkulu wa mpingo wosaseka ndi tchimo. Mwana wawo Lily ndinkamuona akudutsa, mtsikana wofatsa wa magalasi.

"Akufuna zonse pachimbale chimodzi," anatero a Leonard. "Akuti ukapatsa m'bale zimbale ziwiri, chimodzi amabwereketsa osabwerera, ndiye amatsala ndi theka la ukwati. Ndipo pa perekaniperekani usadulepo munthu. Aliyense amene anaponya kangachepe akufuna adzione. Ukadula azakhali a munthu, tiona malodza."

"Nanga zikwana bwanji, bwana? Perekaniperekani wa anthu olemera satha."

"Ufinye mpaka zilire. Akufuna zimbale makumi anayi pofika Loweruka, abale akumwazikana."

Anasiya kamera n'kupita kukamwa thobwa. Ndinakopera zonse pakompyuta, n'kutsegula poyambira. Tchalitchi, maluwa, kwaya. Kenako kamera inatembenukira kwa mkwati. Anali Edward. Ananenepa, anameta bwino, atavala suti yotuwa, akumwetulira kumwetulira komwe kuja kwa pasikelo.

Ndinatuluka panja n'kuima padzuwa. Ndinaganiza zofufuta zonse kuti ukwati wawo usakhale ndi chithunzi ngakhale chimodzi, koma ameneyo akanalira ndi a Leonard, osati Edward. Ndinabwerera pampando. A Leonard ankadziwa kuti ndili ndi mwana kumudzi, koma za bambo wake sindinawauzepo, ndipo tsiku limenelo sindinawauzenso.

Ndinaonera abusa akufunsa ngati pali wodziwa chifukwa choletsa ukwatiwo. Ndinaona a Esinala ali kutsogolo atavala chilundu chatsopano, akupukuta misozi ya chimwemwe. Pa mwambo wa madyerero a Maliko anaimirira n'kunena kuti chimene chinawakopa mwa mkamwini wawo ndi mbiri yoyera. Anati anafufuza, anafunsa akwawo maso ndi maso ngati mnyamatayo ali ndi mkazi kapena mwana kwina, ndipo anawatsimikizira kuti alibe. Anthu anawomba m'manja. Ine ndinaseka ndekha m'shopu, kuseka kowawa.

4

Lachiwiri ndinayamba kudula. A Leonard anali ndi chizolowezi choipa chimene ndinkachidandaula masiku onse: ankaiwala kuzimitsa kamera. Akamva kuti chakudya chapsa, ankangoiika pena pake n'kuthamanga. Choncho mu ukwati uliwonse munkakhala mbali yaitali ya mapazi a anthu, denga kapena mwendo wa tebulo, ndipo ntchito yanga yoyamba inali kusaka zinyalala zoterozo n'kuzitaya.

Mu ukwati wa Edward ndinazipeza pakati pa tchalitchi ndi holo. Kamera anaiika pabenchi m'kachipinda ka kuseri kwa holo, kuti batire lidye moto. Chithunzi chinali khoma lopaka laimu ndi ndowa yabuluu, basi. Ndinaika chala kuti ndidule. Ndisanadule, ndinamva chitseko chikutsekedwa, kenako anthu awiri akunong'onezana.

Ndinavala mahedifoni. Ndinamvetsera mpaka kumapeto, ndinabwereza, ndinabwerezanso. Mumtima munali mbee ngati kwacha. Mlandu suwola, anthuni.

Mbali imeneyo sindinadule. Ndinaisiya pamalo pake penipeni, ndipo mawu ake ndinawakweza kuti ngakhale agogo ogontha a kumapeto kwa mkeka amve. Zina zonse ndinazifinya mopanda chisoni, makamaka pamene a Esinala ankavina, mpaka nkhope yawo inasanduka timabokosi. Magetsi anandizimira kawiri, koma sindinadandaule. Ndinali ndi kuleza mtima kwa munthu wodikira nsomba.

Lachisanu a Leonard anasuzumira. "Zakwana?"

"Zakwana, bwana."

"Palibe chimene chatsala chosafunika?"

"Chimene chatsala sichikudya malo," ndinatero, ndipo sindinaname.

Anaonera koyambirira, analumpha n'kuona kumapeto, monga ankachitira nthawi zonse. "Pyadidi, zili bwino. Bena makumi anayi."

Ndinabena chimodzichimodzi, n'kumalemba pamwamba ndi cholembera chakuda: Edward ndi Lily. Loweruka a Leonard anakapereka. A Maliko anagawira abale amene ankakwera maminibasi a ku Bangula, Nchalo ndi Blantyre osaonera n'komwe, poti ankafuna adzaonere limodzi ndi banja lonse Lamulungu akaweruka kutchalitchi. Anapempha kuti pabwere munthu wa kushopu wodzalumikiza mawaya ku masipika aakulu amene anabwereka.

"Ndipita ndine, bwana," ndinatero. "Inu mupume."

5

Lamulungu masana ndinavala diresi langa labwino. Kwa a Maliko anatulutsa TV pakhonde, anthu atadzaza pamipando ndi pamikeka: akuluakulu a mpingo, azimayi a chigwirizano, abale a mbali zonse. Lily anakhala pasofa pambali pa mwamuna wake. A Esinala anali chapafupi ndi botolo la zoziziritsa kukhosi m'manja.

Edward atandiona, kumwetulira kunauma. Ndinamugwadira ngati mlendo.

"Mwaswera bwanji, akwati?"

Anangogwedeza mutu. A Esinala anayang'ana kumbali. Ndikhulupirira ankaganiza kuti ndabwera kudzachita phokoso, ndipo anali okonzeka kunditcha wamisala. Ine ndinalumikiza mawaya mwakachetechete, ndinaika chimbale, n'kukhala pakampando pafupi ndi TV, rimoti ili m'manja.

Tchalitchi chinadutsa bwino. Anthu ankalozerana, kuseka, kuimba limodzi ndi kwaya. Kenako panaoneka khoma ndi ndowa yabuluu.

"Apa ndiye a Leonard anagona," wina anatero, anthu n'kuseka. "Lumphani, achemwali."

Sindinalumphe. Chitseko chinamveka m'masipika, kenako mawu a a Esinala, omveka ngati ali pa chinkuzamawu.

"Edward, ine mtima sukukhazikika. Mwana wa Pilira ndinakumana naye kuchigayo sabata yatha. Mphumi ndi yako, makutu ndi ako, ngakhale kayendedwe. Aliyense wa maso akhoza kuona."

"Mama, lero ndi tsiku lokamba zimenezo? Kuti ndi wanga ndinadziwa kalekale. Inunso munkadziwa."

"Nanga mdalayu akamva?"

"Amva kwa ndani? Mdala ameneyu amangodziwa Baibulo ndi kuwerenga masenti. Andipatse kaye golosale ya ku Bangula, ikhale m'dzina langa. Lily ndi makwerero chabe, Mama. Munthu ukakwera padenga, makwerero umatha kuwagwetsa."

Kenako kuseka kwa anthu awiri, mayi ndi mwana.

Edward anadumpha kuti andilande rimoti, koma a Maliko anakweza dzanja osadzuka pampando.

"Khala pansi, mnyamata. Mwana wanga, bwezeranso pamenepo."

Ndinabwezera. Anthu anamvanso kachiwiri, liwu ndi liwu. Botolo la a Esinala linagwa n'kugubuduzika mpaka pamasitepe. Lily anavula magalasi, anawapinda bwinobwino, n'kulowa m'nyumba. Ameneyo yekha ndi amene ndinamumvera chisoni, koma chisoni chake chinali chochepa poyerekeza ndi kukoma kumene ndinkamva.

A Maliko anatembenukira kwa ine. "Pilira amene akunenedwayu ukumudziwa?"

"Ndine ndemwe, bambo. Mwanayo dzina lake ndi Leah."

A Maliko anayang'ana a Esinala. "Mayi, ndinakufunsani m'nyumba muno. Ndikufunsaninso pamaso pa anthuwa. Mwanayo ndi wa ndani?"

A Esinala anayang'ana pansi. "Ndi wathu," anatero ndi mawu ang'ono.

"Sitinamve kuno," anatero mayi wina wa chigwirizano.

"Ndi magazi athu."

Ndinaika rimoti patebulo n'kunyamuka. Ndinayenda wapansi mpaka kunyumba, dzuwa likuswa mtengo, koma ndinkamva ngati ndasamba.

6

Mawa lake a Leonard anandichotsa ntchito. Sanakalipe, anangoti palibe amene adzawapatsenso ukwati wojambula ngati ine ndili pakompyuta. Sindinawatsutse. Nkhani inali itafalikira kale, poti zimbale zija zinafika kutali, ndipo anyamata obena kumsika anazichulukitsa n'kumagulitsa. Ku Makhanga ankazionetsa m'nyumba za kanema, anthu n'kumalipira kuti aone khoma ndi ndowa. Edward sakanatha kudutsa pamsika osamva wina akufuula za makwerero. Ntchito imene a Maliko anamupatsa inatha, ukwati unatha, ndipo a Maliko, poti sankafuna chilichonse cha a Semba pakhomo pawo, anabweza ng'ombe za lobola.

Ine ndinatsalira pa boma milungu ingapo ndikusaka ntchito ina, ndikudya ulemerero wanga. Amayi ena ankandiimitsa panjira kundigwira chanza. Nditalephera kupeza ntchito, ndinalongedza katundu n'kuwoloka kupita kwathu. Njira yonse ndinkakonza mmene ndikamuuzire Leah kuti tsopano ali ndi dzina, ndipo wina akadzamutchulanso za sikelo adzamuyankhe kuti chiyani.

Nditafika pakhomo, Leah sanathamange kudzandichingamira. Ndinaitana, osayankha. Amayi anatuluka m'khitchini, atandiona anabwereranso. Ndipamene ndinamva kulira kwa ng'ombe kuseri kwa nyumba. Khola la Baba linakhala lopanda kanthu chichokereni madzi osefukira amene anatikokolera ziweto, koma tsiku limenelo munali ng'ombe ziwiri zonenepa.

Baba anali pansi pa mtengo akusoka ukonde.

"Baba, ng'ombezi ndi za ndani?"

"Khala pansi, mwananga."

"Leah ali kuti?"

Anaika ukonde pansi. "A Semba anabwera ndi akuluakulu awo. Anapepesa, anavomera mlandu, anapereka zoyenera. Mwambo wathu ukuudziwa. Bambo akavomera mwana, ng'ombe n'kulowa m'khola, mwana ndi wa kuchimuna."

"Osandifunsa ine?"

"Si zimene unkafuna? Unalira zaka zonsezi kuti amuvomere. Amuvomera. Ine ndikanawabweza ndi mawu ati?"

Ng'ombezo zinali zomwe zija a Maliko anabweza. Zinangochoka ku boma, kupuma ku Makhanga, n'kudzalowa m'khola la Baba.

Sindinamwe ngakhale madzi. Ndinathamanga mpaka ku Makhanga. Ndinapeza Edward atakhala pakhonde ndi kabudula, ndevu zili nyankhalala, wosasiyana ndi munthu wodwala. A Esinala ankapeta mpunga, ndipo pambali pawo panali Leah atavala diresi lachilendo, akutola mankhusu.

"Ndabwera kudzatenga mwana wanga."

A Esinala sanasiye kupeta. "Wako? Si iwe unalengeza chigwa chonse kuti ndi wathu? Takhuta, zikomo mwananga, unatithandiza. Ife tinkachita manyazi kubwera."

Edward anaseka pang'ono. "Unandilanda zonse, Pilira. Unkaganiza kuti ine nditsala chimanjamanja?"

Leah anandithamangira n'kundikumbatira miyendo. "Amayi, ndili ndi ababa. Agogo akuti dzina langa ndine Leah Semba." Ankasangalala, mwana wanga, maso ali ngwee.

Nkhani inapita kwa akuluakulu a mbali zonse ziwiri. Ine m'kupsa mtima ndinafika ponena kuti Edward anamukana mwanayo pagulu, ndiye alibe gawo. Mkulu wina wa kwa Semba anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa chimbale, cholembedwa pamwamba ndi dzanja langa. Anati umboni ndi umenewo, ndipo amene anaukonza ndi mayi wa mwanayo. Anafunsanso kuti ndimudyetsa chiyani poti ntchito ndilibe. Bwalo linagamula kuti Leah atsale kwa a Semba.

7

Owerenga anzanga, ena mwa inu mukuti ndinalakwa. Mwina. Koma musayembekeze kuti ndinene kuti Edward ndinamukhululukira, chifukwa ndinganame. Ndikamva kuti mpaka lero akupalasa kabaza ndipo ana amamuimba nyimbo ya makwerero, ndimadya bwino tsiku limenelo. Atandibwezera pampando uja, khoma lija sindingalidule.

Chimene ndingasinthe ndi chimodzi. Ndikanayamba ndawoloka kukatenga mwana wanga, n'kumukhazika pambali panga pa boma, kenako n'kubena zimbale. Ndinakhala zaka ndikuganiza za nkhope ya Edward pa tsiku la manyazi ake, osaganizako za tsiku lotsatira. Inu amene mwasunga mkwiyo ndipo mukudikira mpata wanu, sindikuletsani. Ndingoti musanaponye mwala, yang'anani kaye kumene mwana wanu waima.

Nkhani ndinaipititsa kukhoti, ndipo akungoisunthasuntha. Panopa ndimagulitsa tomato pa boma. Leah ndimakamuona kumapeto kwa mwezi, madzi akalola, poti dzinja likafika ku Makhanga kumafikika ndi bwato lokha. Wakula, amuphunzitsa ulemu. Ulendo wathawu anandiyalira mkeka, anagwada, anandipatsa moni ndi manja awiri, kenako anathamangira kuseri kwa nyumba. Ndinamumva akuuza agogo ake kuti kwabwera alendo.